Ku Nkhondo ya Chiwaya Tinayenda ndi Yani?

Pali mtsutso umene sukutha pakati pa ife okonda kuwerenga pa koleji pano. Mbali imodzi kuli anzathu a phunziro la mbiri yakale. Iwowa amati munthu wofuna kudziwa za nkhondo awerenge mabuku a akatswiri, mmene muli masiku, malo ndi chiwerengero cha akufa, ndipo mabuku opeka amawayesa masanje. Mbali inayi kuli ife amene timachezera usiku wonse ndi buku lopeka la nkhondo, osafuna kuliika pansi kufikira titadziwa ngati msilikali wathu uja apulumuke. Ine ndili m'gulu lachiwirili ndipo sindichita nazo manyazi. Koma posachedwa ndawerenga mabuku atatu opeka onena za nkhondo imodzimodzi, nkhondo imene makolo athu anaitcha ya Chiwaya, ndipo andisiyira funso limene ndati ndiliike pa bwalo lino kuti tithandizane.

Tiyambe takumbutsana za nkhondoyo. Pamene maiko a ku Ulaya anayambana mu Ogasiti 1914, dziko limene lero ndi Tanzania linali m'manja mwa Majeremani, ndipo lathu lino, Nyasaland, linali m'manja mwa Angerezi. Pa 13 Ogasiti sitima ya Guendolen, yoyendetsedwa ndi Kaputeni Rhoades, inaombera sitima ya Majeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, pamene lero pamatchedwa Liuli, tsidya lija la nyanja yathu. Woyendetsa sitima ya Majeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Pa 9 Sepitembala kunali kumenyana koopsa ku Karonga, ndipo Majeremani anabwezedwa. Kuyambira mu Meyi 1916 mkulu wankhondo Edward Northey anatsogolera asilikali kuchokera ku malire a Nyasaland ndi Northern Rhodesia kulowa m'dziko la Majeremani. Mtsogoleri wa Majeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anazindikira kuti sangapambane, choncho anangofuna kutopetsa adani ake powayendetsa. Mu Novembala 1917 anaoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa m'Mozambique, kenaka anabwerera, nakatulukira ku Northern Rhodesia. Anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918, patapita masabata awiri nkhondo itatha kale ku Ulaya. Dzina loti Chiwaya linachokera ku mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza.

Nkhondo imeneyi inayenda pa mitu ya anthu. Njanji inkathera ku Blantyre. Kuchokera pamenepo katundu ankapita ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, nakwera sitima ya panyanja kupita kumpoto. Akatsika pa doko kunalibe msewu wodalirika, ndipo akavalo ndi ng'ombe zokoka ngolo zinkafa ndi kashembe. Chotsala chinali mtengatenga. Munthu mmodzi ankasenza mapaundi 50 kapena 60. Tsono tiyerekeze kuti wasenza ufa wa mapaundi 60, ndipo iye mwini akudya mapaundi 2 pa tsiku. Akayenda masiku 15 kupita ndi masiku 15 kubwerera, ufa wonse wathera m'mimba mwake, msilikali asanalandire ngakhale chipande chimodzi. Kotero ulendo ukatalika pankafunika amtengatenga ena osenzera chakudya amtengatenga anzawo, ndipo chiwerengero chinkangokwera. Melvin Page, amene anafufuza za nkhondoyi m'midzi ya m'Malawi m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 analowa usilikali, ndipo pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya utengatenga. Kumbukirani kuti pa kalembera wa 1921 dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi 1,200,000 okha. Ambiri anatengedwa mokakamiza: mafumu ankapatsidwa chiwerengero choti apereke, amesenjala ankagwira anthu usiku, ndipo mwamuna akathawira kutchire ankamugwirira mkazi kufikira atatuluka. Anthu anaona kuti ili ndi thangata lomwe lija. M'chigawo chonse cha kuvuma kwa Africa amtengatenga a mbali ya Angerezi amene anafa anakwana 95,000 kapena kuposa, ochuluka a iwo ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala.

Zimenezi ndizo anzathu a mbiri yakale amatiuza, ndipo ndi zoona. Koma nditawerenga kuti anafa anthu 95,000 ndinagona tulo bwinobwino. Mtima wa munthu sutha kulira maliro 95,000. Umalira maliro amodzi, a munthu amene ukumdziwa dzina, mayendedwe ndi chimene ankaopa. Apa ndi pamene pagona chikoka cha buku lopeka la nkhondo: limakupatsa munthu mmodzi woti uyende naye.

Chitsanzo chimene chimandithandiza kumvetsa zimenezi ndi cha kutali, ku America. Nkhondo yapachiweniweni ya kumeneko inatha mu 1865, ndipo Stephen Crane anabadwa mu 1871. Ali mnyamata anawerenga zimene akuluakulu a nkhondoyo analemba m'magazini yotchedwa Century, ndipo chinamudandaulitsa n'chakuti iwo ankangonena zimene anachita, osanena zimene ankamva mumtima. Mu 1895 anatulutsa buku lake, The Red Badge of Courage, iye asanaonepo nkhondo ndi maso. Mpangankhani wake, Henry Fleming, athawa pamene kumenyana kwafika povuta. Pothawapo msilikali wa mbali yake yomwe amumenya ndi mfuti pamutu, ndipo atabwerera anzake ayesa kuti bala lija walitenga kwa adani, namulemekeza. Asilikali akale ambiri atawerenga anakhulupirira kuti mlembiyo anali nawo pa nkhondoyo. Koma mkulu wina wankhondo, Alexander McClurg, analemba m'magazini ya The Dial mu 1896 kuti bukulo linali lonyoza asilikali a dziko lake. Onsewa anawerenga buku limodzi. Ena anadzipeza okha mwa mnyamata wamantha uja, pamene winayo anakwiya chifukwa mlembi anamuyendetsa ndi munthu amene iye sankafuna kuyenda naye. Ndiye kuti mphamvu yaikulu ya mlembi ili pa kusankha munthu woti atipatse. Tiyeni tsono tione amene tinapatsidwa pa nkhondo ya Chiwaya.

Buku loyamba ndi The African Queen la C. S. Forester, lotuluka mu 1935. Muli Rose Sayer, mlongo wa mmishonale, ndi Charlie Allnutt, makaniko wa kaboti kakang'ono koyendera nthunzi. Awiriwa atsika mtsinje wa mathithi ndi cholinga chokaphulitsa sitima yankhondo ya Majeremani pa nyanja. Bukuli n'lokoma, ndipo ine ndinalimaliza tsiku limodzi. Forester amadziwa kukufotokozera kukonza kwa chitsulo chothyoka kufikira manja ako omwe atamva kutentha. Kanema wake wa mu 1951, wa Humphrey Bogart ndi Katharine Hepburn, anakondedwa kwambiri, ndipo Bogart analandira naye mphotho ya Oscar. Komatu chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Pa masamba oyamba penipeni Majeremani afika pa mishoni natenga anthu a m'mudzimo kukawasandutsa asilikali ndi amtengatenga. Anthu amenewo akangokhota pa njira sitiwamvanso. Mlembi wawachotsa kuti awiri aja atsale okha, ndipo ife owerenga sitidandaula, chifukwa maso athu ali pa kaboti.

Chochititsa chidwi n'chakuti nkhani yeniyeni imene inali pafupi ndi nthano imeneyi inali yodzaza ndi anthu akuda. Mu 1915 Angerezi anatumiza maboti awiri ankhondo, Mimi ndi Toutou, kuchokera ku London kupita ku nyanja ya Tanganyika, motsogozedwa ndi Geoffrey Spicer-Simson. Anayenda pa sitima ya pamadzi kufika ku Cape Town, pa njanji kufika ku Congo, ndipo njanji itatha anakokedwa kudutsa m'mapiri ndi mathirakitala a nthunzi ndi ng'ombe. Amene analambula njira ndi kumanga milatho anali mazana a anthu a ku Congo, ndipo madzi atasowa amai ndiwo ankatunga kutali kudzathira m'mathirakitalamo. Mabotiwo anagwira sitima ya Kingani pa 26 Disembala 1915, ndipo ya Hedwig von Wissmann inamizidwa pa 9 Febuluwale 1916. Mai wosenza mtsuko wa madzi oti chitsulo chimwe, osadziwa kumene mabotiwo akupita, akanatha kukhala mpangankhani wa buku lonse.

Buku lachiwiri ndi An Ice-Cream War la William Boyd, la mu 1982. Boyd anabadwira ku Accra mu 1952 ndipo sanamizidwa ndi ulemerero wa nkhondo. Akutipatsa anyamata awiri apachibale a ku England, Gabriel ndi Felix Cobb, ndi mlimi wa ku America, Temple Smith, amene nkhondo yake yonse ndi yofuna kubwezera mnansi wake Mjeremani. Mutu umene sindidzauiwala ndi wa nkhondo ya ku Tanga. Ndinayesa kuti mlembi wakokomeza, koma nditafufuza ndinapeza kuti zinalidi choncho. Mu Novembala 1914 mkulu wankhondo Arthur Aitken anafika ndi asilikali pafupifupi 8,000, ochuluka a ku India, otopa ndi ulendo wa panyanja. Anachedwa kutsika, ndipo Lettow-Vorbeck anapeza nthawi yobweretsa asilikali ake pa njanji, pafupifupi 1,000 okha. Kumenyana kuli m'kati njuchi zinabalalika n'kuluma asilikali a mbali zonse. Angerezi anataya anthu oposa 800, ophedwa ndi ovulala, nathawira m'sitima zawo kusiya mfuti ndi zipolopolo zambiri pa gombe. Boyd amakuseketsa ndi uchitsiru wa akuluakulu, kenaka n'kukuonetsa mtembo, kuseka kuja n'kukutsamwa. Pa zimenezi ndimulemekeza. Koma ngakhale m'buku limeneli anthu akuda ali m'mphepete mwa bwalo. Timawaona akuguba, akuphika, akusenza, akufa, koma chisoni chimene mlembi watikonzera ndi cha banja la a Cobb.

Buku lachitatu ndi Afterlives la Abdulrazak Gurnah, wobadwira ku Zanzibar mu 1948, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2021. Bukuli linatuluka mu 2020. Apa ndiye tayenda ndi anthu a kuno. Ilyas anatengedwa ali mwana, naleredwa ndi Majeremani, ndipo anawakonda kotero kuti nkhondo itayandikira anasiya mlongo wake Afiya kukalowa usilikali wawo. Hamza analowa pothawa moyo wa ukapolo, nakhala wantchito wa bwana wa asilikali amene ankamuphunzitsa Chijeremani kwinaku akumunyoza. Chakumapeto kwa nkhondo Mjeremani wina wa udindo, atapsa mtima, amutema ndi lupanga m'chiuno. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti gawo lalikulu la bukuli likunena za nkhondo itatha: Hamza akutsimphina m'tauni kufunafuna ntchito, akubwebweta kutulo, ndipo Afiya akudikira kalata ya mlongo wake imene sikubwera. Nkhani ya Ilyas ikufanana ndi ya munthu weniweni, Bayume Mohamed Husen wa ku Dar es Salaam, amene anatumikira Majeremani ali mwana, napita ku Berlin mu 1929 kukafunsa malipiro ake, nafera m'ndende ya Sachsenhausen mu 1944.

Gurnah sanawayeretse asilikali akuda. Akutionetsa kunyada kwawo ndi nkhanza zimene ankachitira anthu a m'midzi, kulanda chakudya ndi kutentha nyumba. Izi n'zofunika kwa ife, chifukwa pali chiyeso choganiza kuti buku labwino ndi limene likuyamikira anthu a khungu lathu. Owerenga wotero sasiyana ndi McClurg uja. Ngati asilikali a King's African Rifles ochokera kuno anadya chimanga cholanda m'midzi ya ku Songea kapena ku Mozambique, buku lonena za iwo liyenera kunena, ngakhale zitiwawe.

Tsono mwa mabuku atatuwa ndi liti limene ndingauze mnzanga kuti awerenge? Ndingamuuze kuti awerenge onse. Ndikana maganizo akuti titaye Forester chifukwa cha zimene anasiya, poti wolemba aliyense pa gulu lathu lino ali ndi choti aphunzire pa mayendetsedwe ake a nkhani. Chimene ndikupempha n'chakuti chikondi chathu cha mabuku otere chikhale cha maso otsegula. Ine ndadzipezera kafunso kamodzi kamene ndimafunsa buku lililonse la nkhondo ndikafika pakati: kodi msilikali uyu wadya chiyani lero, ndipo chakudyacho wasenza ndani? Mlembi akakhala kuti ali nalo yankho, ndimadziwa kuti nkhondoyo anaiona yonse. Akakhala kuti alibe, ndimapitiriza kusangalala nalo bukulo, koma ndimadziwa kuti pali anthu amene abisidwa kuseri kwa tsamba, ndipo ndimapita kwa anzanga a mbiri yakale kukawafunsa.

Wina anganene kuti ndikulemetsa chinthu chongosangalatsa. Ndikadavomera chikhala kuti anthu ambiri amawerenga mabuku a akatswiri. Koma pa munthu mmodzi amene anatsegulapo buku la Page lotchedwa The Chiwaya War, la mu 2000, pali ambirimbiri amene anaonera Bogart akukoka kaboti m'bango. Kwa anthu otere nthano ija ndiyo mbiri yokha imene ali nayo. Ndipo kuiwalika kwa amtengatenga sikuli m'mabuku opeka mokha. Chipilala cha wotchi cha ku Zomba ndi cha asilikali a King's African Rifles. Zipilala za ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam zimakumbukira asilikali ndi amtengatenga akuda popanda kulemba maina awo. Mu Epulo 2021 bungwe loyang'anira manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linavomereza poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ochuluka a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo monga anachitira ndi Azungu. Munthu amene alibe manda odziwika, alibe dzina pa chipilala, ndiponso alibe malo m'nthano, watayika kotheratu. John Chilembwe anaziona zimenezi nkhondo itangoyamba. M'kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, imene boma linailetsa kuti isafale, anadandaula kuti anthu osauka a dziko lino akukafera mkangano umene si wao, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda owathandiza.

Makolo athu sanakhale chete pa za nkhondoyi. Anabwerako ndi maina: ku Dar es Salaam kuli dera lotchedwa Kariakoo ndipo ku Nairobi kuli Kariokor, maina ochokera ku dzina la Chingerezi la gulu la amtengatenga. Anabwerakonso ndi magule. Beni, mganda ndi malipenga ndi magule otengera kuguba kwa asilikali, ndipo anafala kwambiri m'zaka za nkhondoyi ndi zotsatira zake. Pa malipenga pamakhala kingi, kaputeni ndi dokotala, amuna atavala zoyera zositidwa bwino, akuliza malipenga a zikho. Ndikaonera gule ameneyu ndimaona kuti anthu amene analamulidwa zaka zinai anabwera kwao n'kudzipatsa okha maudindo onse. Imeneyo ndi nkhani yopeka ya nkhondo, yosimbidwa ndi miyendo, ndipo owonera ake sanatope nayo kufikira lero.

Chotsala ndi ife olemba. Amene anasenza katundu uja onse anapita, koma mau awo sanapite onse. Page ndi ophunzira amene ankamuthandiza anacheza ndi ambiri a iwo akali moyo, ndipo zimene ananena zinasindikizidwa mu 2021 m'mabuku otchedwa Chiwaya War Voices. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zikalata zakale za boma. Kwathu kumudzi kukali agogo amene anamva nkhanizi kwa makolo awo. Crane analibe zoposa izi pamene analemba buku lake ali ndi zaka zosakwana 25, msinkhu wa ambiri a ife. Buku limene ine ndikulakalaka kuwerenga ndi la m'chinenero chathu, lonena za mnyamata wa kwa mfumu ina ku Dedza kapena ku Mulanje amene wagwidwa usiku mwezi wa dzinja, munda wake usanapalidwe, n'kusenzetsedwa bokosi limene sakudziwa kuti muli chiyani. Lisamusandutse ngwazi kapena woyera mtima. Ngati anaba ufa wa mnzake wodwala kuti akhale ndi moyo, linene. Ngati anathawa pa phiri lina kuseri kwa Mbamba Bay, tithawe naye.

Sitingadandaule kuti Forester ndi Boyd sanatilembere buku limeneli, poti iwo analemba za anthu amene ankawadziwa. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene ali ndi mutu woyamba aubweretse pa msonkhano wathu, tiuwerenge pamodzi ndi kuufunsa kafunso kaja.